Mbozi za a Dokotala

Tsiku langa lachiwiri ku Nairobi ndinagwira ntchito yabwino kwambiri imene palibe anandituma. Ndinalawirira, ndinapeza chikwakwa m'kachipinda ka zipangizo, ndinachinola pamwala, ndipo pofika nthawi ya tiyi kuseri kwa nyumba ya a Dokotala kunali mbee, ngati bwalo la sukulu tsiku lobwera alendo. Udzu wonse umene unawirira m'mbali mwa mpanda ndinautchetcha, zitsinde ndinazula, ndinaunjika pakona n'kuyatsa. Ndinasesanso. Kenako ndinasamba m'manja n'kuima poonekera, kudikira kuyamikiridwa.

A Dokotala anatuluka ndi kapu m'manja. Anayang'ana kumpanda, anayang'ana utsi, anayang'ana ine. Kapu ija anaiika pansi mosamala ngati dzira.

"Bambo a Tadala, udzu wanga uli kuti?"

Ndinaloza utsi. Ndisaname, ndinaloza monyadira.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokhala pa sitepe n'kuyamba kuyankhula okha m'Chitumbuka, pakuti mayi amenewa, dokotala wa tizilombo osati wa anthu, kwawo ndi ku Rumphi, ndipo akakhumudwa Chichewa chimawathawa. Chitabwerera Chichewacho anandiuza kuti udzu uja sunamere wokha. Anachita kukautenga pagalimoto kumapiri a kumpoto kwa Nairobi, chitsinde chilichonse ndi dothi lake. M'udzumo munali mbozi, ana a gulugufe wina wa kumapiriko, zimene anakhala akuzilera kuchokera kumazira. Ine ndinali nditaziwotcha limodzi ndi chakudya chake. Kwathu amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula, zisa, ndi mng'oma womwe.

Zinapulumuka zisanu ndi ziwiri. Zimenezo zinali m'beseni la udzu limene analiika pakhonde dzulo lake kuti azijambule, ndipo chikwakwa changa sichinakwere masitepe.

"Ndisakubiseni," anatero. "Amene amalipirira ntchito yangayi akufuna chaka chisanathe ndiwaonetse moyo wonse wa gulugufe ameneyu, kuyambira dzira mpaka kuuluka. Palibe amene anaulembapo. Kuphiri agulugufe atha, nyengo yawo yadutsa, sindingakatengenso mazira. Zikafa zisanu ndi ziwirizi, ine ndi inu tikwera basi imodzi."

Ndinakumbukira anthu amene anandiperekeza pa Tsangano, nkhuku imene mayi a Tadala anandikazingira, ndi mau aakuluakulu amene ndinayankhula ndili pawindo la basi. Kubwerera ndi chikwama chomwe chija, chifukwa cha mbozi? Ndinaona kuti kuli bwino ndiphunzire kuweta mbozi.

Mwina ndinene momwe ndinafikira kumeneko. Ndinagwirapo ntchito ya kudimba la maluwa kwa achimwene awo a Dokotala ku Lilongwe. A Dokotala atafuna munthu wa kumudzi wosamala pakhomo, woti angathenso kutendera nkhwani, achimwene awowo anatchula ine. Anati ndine wolimbikira. Zimenezo sananame, koma anayenera kuwachenjeza. Ulendo unali wa masiku, kudzera pa Songwe, kudutsa Tanzania yense, kukalowera pa Namanga. Ndinafika mapazi atatupa ngati mikate. Pakati pa tauni, pokwerera matatu, maminibasi a kumeneko, ndinaima ngati chitsa anthu akundizungulira, ndikuwerenga zikwangwani. Ndiye vuto langa limenelo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma kuwerenga sindinaleke. Ndine munthu woti pepala lokulungira usipa ndimayamba ndaliwerenga kaye, usipawo pambuyo. Matatu za ku Rongai zinali zolembedwalembedwa thupi lonse, nyimbo zikugunda mpaka m'chiwindi, ndipo ziwiri zinandisiya ndisanamalize kuziwerenga.

A Dokotala ankakhala ku Rongai komweko, m'nyumba ya mpanda. Ine anandipezera chipinda chapafupi, pamdadada wa zipinda za malata zoyang'anizana ndi mpopi umodzi. Khomo loyandikana ndi langa linali la Mzee Wekesa, bambo wosema miyala kumgodi wa miyala yomangira. Zikhatho zake zinali ngati makungwa a mtengo. Dzina langa sanavutike nalo, ankangonditcha Malawi. Ndiye amene anandiphunzitsa Chiswahili cha pamsika, kuti ndisamagule sukuma, ndiwo zawo zamasamba, pamtengo wa alendo, ndiponso kuti kondakitala wa matatu sumupatsa moni wautali ngati mwakumana pamaliro. Mbaula tinali nayo imodzi. Madzulo tikaweruka iye ankaphika tiyi wake wa mkaka wambiri uja, ine n'kumamufotokozera nkhani za tsikulo ndi Chiswahili chothyokathyoka, chotsalacho ndi manja. Atamva za ntchito yanga anaseka mpaka kutsamwa. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse moni wake unali umodzi: "Malawi, ng'ombe zako zagona bwanji?"

Ng'ombe zangazo zinali zazifupi kuposa chikhadabo. Zinali zobiriwira ndendende ngati tsamba la udzu, ndi timizere totuwa m'litali mwake, kumbuyo kuli timichira tiwiri. Ukhoza kuyang'ana chitsinde mpaka maso kuwawa osaiona, pamene ili pamphuno pako. Masana zinkatsikira kunsi kwa chitsinde kukabisala. Dzuwa likapendeka zinkakwera, iliyonse tsamba lake, n'kumadya kuchokera m'mphepete, mosapupuluma. Udzu wina uliwonse sizinkaufuna. Ndinayesa kapinga wa pabwalo, zinangomununkha n'kutembenuka. Zinkafuna wa kwawo, woonda ngati singano, womera mothinana.

Choncho Loweruka lina tinanyamuka ndi a Dokotala kukatenga udzu wina, iwo ali ndi chikalata chawo cha boma m'thumba. Tinadutsa minda ya tiyi, tinalowa m'nkhalango, tinadutsa nsungwi, kenako mitengo inangotha. Pamwamba panali dambo lopanda malire, zitsinde zokhazokha, mphepo ikuomba ngati ili ndi mlandu nawe. Ine ndine wa ku Tsangano, kuzizira ndimakudziwa, koma kumeneko ndinavala masokosi m'manja. M'mawa udzu unali woyera ndi chisanu, nkhungu ikukwawa pansi, ndipo ngakhale dzuwa litakwera, ukapisa dzanja m'kati mwa chitsinde munali monyowa ndi mozizira ngati m'mtsuko.

A Dokotala anaima n'kuyang'ana dambo lonselo. Kenako anati malowo amawakumbutsa ku Nyika, kumene ali mtsikana ankaona kagulugufe kofiirira kakuuluka m'munsimunsi mwa udzu. Atakula anapeza kuti kuno kuli mbale wake, ndipo ankafuna kudziwa kuti abale awiri anapezeka bwanji pamapiri otalikirana chonchi, pakati pali zigwa zotentha zimene onse awiri sangawoloke. Anati agulugufe amenewa ali ngati anthu a pachilumba, kungoti nyanja yawo ndi kutentha. Ine ndinavomera ndi mutu, mano akugwedezeka. Tsiku limenelo sitinaone ngakhale mmodzi. Ndinkalera mwana wa munthu amene sindinamuonepo, kupatula ouma a m'kabati ya a Dokotala, obayidwa pa tisingano.

Ku Rongai kunayamba kutentha. Fumbi la magalimoto a miyala linkalowa paliponse. Mbozi imodzi inasanduka yachikasu n'kugwa. Ina inatengedwa ndi nyerere, ndinapeza zikuikoka ngati anyamata akoka mbuzi. Zinatsala zisanu. Ku ofesi ya a Dokotala zipinda zozizira zinalipo, koma zinali zodzaza ndi tizilombo toononga mbewu, ndipo firiji ya m'nyumba anati ingaziphe. Apa ndi pamene umphawi unandithandiza. Ife amene tinakula opanda firiji timadziwa kuziziritsa madzi. Ndinakhoma kathandala kumthunzi wa mpanda, miyendo yake ndinaiimika m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere, ndinazunguliza ziguduli, pamwamba ndinaika ndowa yobowola pang'ono kuti izidonthezera. Mphepo ikaomba pa chiguduli chonyowa, m'kati munkazizira bwino. Pamwamba pa mabeseni ndinaphimba ndi neti ya udzudzu. A Dokotala anapisamo kachipangizo kawo koyezera kutentha, anakawerenga, anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire za utsi zija anamwetulira.

Ina inafabe, pofundula khungu. Mbozi ikamakula imavula khungu lakale ngati malaya othina, ndipo iyi inakanirira pakati. Ndinaiyang'anira tsiku lonse osadziwa poigwira. Zinatsala zinayi.

Lamulungu ndinkaimbira foni kumudzi. Mayi a Tadala ankayamba ndi za chimanga, za denga, za sukulu ya mwana, ngati zimene ndatumiza zafika, kenako ankatsitsa mau ngati akufunsa za wodwala: "Nanga anzanu aja?" Ndikati atsala anayi, ankati pepani, koma ndinkamva kuti akudziluma mlomo kuti asaseke. Anati iwo tsiku lonse amakhalira kupha mbozi m'kabichi, mwamuna wawo ali kunja kuzifunditsa.

Kenako kunabwera uthenga woti mayi awo a Dokotala adwalika. Ananyamuka tsiku lomwelo, kundisiyira makiyi. Sabata isanathe tinamva kuti amwalira.

Masiku omwewo mbozi zinayi zija zinaleka kudya. Madzulo ndinadikira, sizinakwere. Mawa lake chimodzimodzi. Nditafukula m'chitsinde ndinazipeza pansi penipeni, zitakhwinyata, kubiriwira kutazilala. Ndinaziikira nsonga zanthete pakamwa, osatekeseka. Panapita sabata yathunthu. Ndinayesa kuimbira a Dokotala, koma kumudzi kwawoko foni inkagwira pokhapokha munthu akakwera pachulu. Tsiku limene inagwira, mau awo anali a munthu amene walira mpaka kutopa. Ndinapepesa za maliro, kenako ndinanena.

Iwo anati, "Basi, zafa. Pa shelefu pali kabotolo ka sipiriti. Ziikeni mmenemo zisanaole, tidzakhale ndi choonetsa. Mwayesetsa, bambo a Tadala."

Foni inaduka.

Kabotolo ndinakapeza. Ndinakatsegula, fungo lake linandilasa m'mphuno, ndinakatsekanso. Nkhani inali yotere: ngati zafa ndipo ndazisiya, ziola, a Dokotala adzabwera popanda ngakhale mtembo woonetsa, ndipo udzakhala mlandu wanga wachiwiri. Ngati zili moyo ndipo ndaziika m'sipiriti, ndiye kuti ndamaliza ndi manja ntchito imene ndinaiyamba ndi chikwakwa.

Wekesa anati ndichite zimene abwana anena, ntchito ya mwini sautsa nayo mtima. Anati iye akauzidwa kuswa mwala amauswa, safunsa ngati mwalawo ukugona. Koma ataona kuti tiyi wanga wazizira m'kapu, anavala nsapato n'kunditsatira kukaona. Anagwada ndi maondo ake olira, ananunkhiza chitsinde, n'kunena kuti chakufa chimanunkha ngakhale chichepe bwanji, ndipo apa iye akungomva dothi.

M'chipinda chowerengera cha a Dokotala munali buku lina lalikulu, lolemera ngati njerwa ziwiri, la agulugufe a kumaiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene kumagwa chipale. Ndinkalipukuta fumbi Lachisanu lililonse, ndipo kupukuta kwanga kunkatenga nthawi yokayikitsa. Tsopano ndinalitsitsa, ndinatenga dikishonale yanga yopanda chikuto, n'kukhala pansi pakhonde. Ndinafufuza zithunzi za ofanana ndi wathu, ofiirira a timaso pamapiko. Analipo ambiri, a m'mapiri ndi a m'madambo ozizira, ndipo ana awo nawonso amadya udzu. Chizungu cha m'bukumo chinali cha mafupa. Tsamba limodzi linanditengera masana onse, liu lililonse ndikulifunsa kwa dikishonale ngati mlendo wofunsa njira. Koma ndinatola mfundo. Kumeneko nyengo ikaipa mbozi zimenezi zimatsikira kunsi kwa udzu, zimaleka kudya, zimagona miyezi pansi pa chipale. Zina za pamwamba kwambiri zimagona kawiri, moti dzira la chaka chino limadzauluka chaka cha mkuja.

Buku silinanene kanthu za wathu wa ku Kenya. Koma ine ndinaganiza za mbewu ya kachewere. Tikakumba ku Tsangano, ya mbewu timaiyala pamthunzi, ndipo imakhala pamenepo yokhwinyata, yosaoneka bwino, munthu wosadziwa angaitaye. Siifuna madzi, siifuna kuigwiragwira. Nthawi yake ikakwana imatulutsa maso yokha. Ndinatenga kaudzu n'kukhudza mbozi imodzi pamsana. Ndinadikira. Inapinda mutu pang'ono, pang'ono zedi, ngati munthu wokana kudzutsidwa.

Kabotolo ndinakabwezera pa shelefu.

Sindinganene kuti mtima unakhala pansi. Zikanatheka kuti kupinda mutuko kunali kutsanzika. Ndinachepetsa kuthirira, poganiza kuti kuphiri nako ndi chilimwe, koma ziguduli ndinkanyowetsabe. Masabata anapita. A Dokotala anatsalira kumudzi kukonza za pakhomo la malemu, ndipo akaimba sankafunsa za mbozi, ine osayambitsanso.

Kamodzi pamwezi a Malawi tinkakumana ku South C, dera lina la mu Nairobi, kunyumba ya bambo wina wa bungwe lalikulu, kupemphera ndi kudya za kwathu. Ambiri anali anthu a maofesi, a Chizungu chosalala, oti Chichewa amachitulutsa pa moni ndi pa nyimbo. Ankandilandira bwino, makamaka chifukwa chigwada ndinkatendera ndine. Mwezi umenewo wotsogolera anafunsa ngati pali zopempherera. Dzanja langa linakwera lokha. Onse atanditembenukira, manyazi anandigwira, ndinangoti kwathuko kuli anayi amene sakudya. Bambo aja anapemphera mwamphamvu kuti anayiwo chilakolako cha chakudya chibwerere, ndipo mayi wina potuluka anandipatsa malalanje oti ndikawapatse. Malalanjewo tinadya ndi Wekesa. Ndinalapa pambuyo pake, koma pempherolo sindinalibweze.

Tsiku lina Wekesa anabwera kuchokera kumgodi akunena kuti mitambo yayamba kuunjikana kumpoto, ndipo bondo lake likuvomereza. Ndinaganiza kuti ngati kuphiri mvula yayandikira, nanenso ndigwetse yanga. M'mawa uliwonse ndinkatenga madzi ogona m'firiji, n'kumawaza pa zitsinde ndi katsache, monga amachitira amayi asanasese m'nyumba ya dothi. Udzu unayamba kutulutsa nsonga zatsopano. Mbozi zili duu. Ndinawaza sabata imodzi, ndinawaza yachiwiri.

M'mawa wina ndikuchotsa neti ndinaona tsamba limodzi lili lobenthuka m'mphepete. Pansi pake, pa dothi, panali timbulu tiwiri takuda. Abale, ndaonapo zinthu zokongola pamoyo wanga, ndinaonapo ndi phiri la chipale pamwamba, koma palibe chimene chinandisangalatsa ngati chimbudzi cha mbozi tsiku limenelo. Ndinathamanga mpaka kumdadada kwathu kukamuuza Wekesa asanapite kuntchito. Iye anandigwira chanza ngati mkazi wanga wachira.

Zinadzuka zitatu. Yachinayi sinadzuke, inauma pomwe inagona.

A Dokotala anabwera ataonda, atavala chitenje chakuda. Nditawalandira chikwama ndi kuwapepesa, anakhala pakhonde, ndipo patapita nthawi anafunsa za kabotolo, kuti ayambe kulemba kalata yotsanzika kwa olipirira ntchito aja. Ndinakabweretsa. Anakayang'ana kudzuwa, anakagwedeza.

"Mulibe kanthu umu."

"Ee, mayi. Sindinamvere."

Nkhope yawo inayamba kusintha ngati tsiku la utsi lija, ndiye sindinadikire Chitumbuka. Ndinawapempha kuti angonditsatira. Dzuwa linali litapendeka, ndipo zonse zitatu zinali pantchito, zonenepa, zobiriwira, iliyonse pa tsamba lake. Mayi aja anagwada pafumbi ndi chitenje chawo cha maliro. Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Atadzuka anangofunsa tsiku limene zinaleka kudya, tsiku limene zinayambanso, ndi zimene ndinachita pakatipo. Zonse ndinali nditalemba kuseri kwa kalendala, ndipo anaitenga kalendala yonseyo kukhoma n'kulowa nayo m'nyumba. Kugona kumeneko, anandiuza pambuyo pake, ndi kumene kunali kosadziwika kwa wina aliyense.

Patapita masiku, imodzi inadzikoloweka chadodolido kunsi kwa tsamba, n'kusanduka kachikwa kobiriwira, kosalala ngati nyemba yaiwisi. Zinzake zinatsatira. Tinadikiranso. Ntchito imeneyi ndi ya maso a nkhono. Kachikwa koyamba kanayamba kuda, mpaka mapiko kuonekera m'kati, ndipo m'mawa wina dzuwa litangofunda kanang'ambika. Chinatuluka chinthu chonyowa, chamapiko okwinyika ngati nsalu yoiwalika m'beseni. Ndinaganiza kuti chalumala. A Dokotala anandigwira mkono kuti ndisayandikire. Chinakwera pa tsamba, chinalendewera, ndipo tikuona mapiko anayamba kufutukuka mpaka kuwongoka. Anali wofiirira ngati dothi la kudimba, ndipo chakunsonga kwa phiko kunali diso lakuda, lozunguliridwa ndi mkombero wonga lalanje, m'kati muli timadontho toyera.

Wekesa anapempha kuti adzaone ng'ombe itabereka. Anabwera masana, fumbi la miyala lili m'nsidze, anasuzumira mu neti.

"Ndi ameneyu? Miyezi yonseyi? Ine ndimayesa atuluka wonga kitenge cha ukwati."

Ndinakhumudwa ngati wanyoza mwana wanga. Koma kunena zoona, gulugufe wathu si wa pakalendala. Ukamupeza panjira sungaimitse njinga.

Woyambayo a Dokotala anamujambula mbali zonse, kenako anamugoneka ndi mankhwala n'kumubaya pa kasingano, pakuti umboni umafuna thupi. Ndinkadziwa kuti zidzatero, komabe tsiku limenelo nkhomaliro sinalowe. Lipoti linapita nthawi isanathe. Yankho litabwera anandiitana kuchokera kudimba, n'kundiuza kuti basi ija tiisiye ipite yokha.

Ndinakhalako zaka zingapo pambuyo pake, ndipo mabeseni anachuluka mpaka kufuna thandala lachitatu. Nyengo yake itakwana ndinakawaona kwawo. Dzuwa likawala, dambo lonse limayamba kunyanyamuka. Sauluka m'mwamba, amangodumphadumpha pamwamba pa zitsinde ngati munthu wotsimphina, amuna akufunafuna akazi. Mtambo ukangophimba dzuwa, onse amagwera mu udzu nthawi imodzi n'kupinda mapiko, dambo n'kukhala ngati mulibe kanthu. Dzuwa likabwerera, nawonso abwerera. Wamkazi ndinamutsatira chokwawa, ndinamuona akupinda mimba n'kumata dzira limodzi pa tsamba, n'kupita kukamata lina patsogolo, saika onse pamodzi. Ambiri amene tinkagwira anali ong'ambika phiko pamalo pa diso paja. A Dokotala anati mbalame imajompha disolo poyesa mutu, gulugufe n'kuthawa ndi mutu wake weniweni. Anatinso mdani wamkulu si mbalame, koma moto wolowa m'dambo mbozi zili m'tulo. Ponena zimenezo sanandiyang'ane, ndipo ine ndinayamikira.

A Dokotala ataitanidwa kukaphunzitsa kwina, ine maondo anali atayamba kulira ngati a Wekesa, ndipo ndinati yakwana nthawi. Mbozi zomaliza tinazibwezera kuphiri. Mbaula ndinamusiyira Wekesa. Anandiperekeza mpaka pokwerera basi m'tauni, atanyamula chikwama changa paphewa ngati mwala, ndipo sitinayankhule zambiri chifukwa Chiswahili changa, chimene chinali chitakula ndithu, tsiku limenelo chinathyokanso.

Kumudzi ndinapeza nyumba ya malata imene ndinkangoiona pafoni. Tadala, amene ndinamusiya akusewera fulaye, anandilandira ali ndi mwana kumsana, ndipo mwanayo atandiona anabisa nkhope. Mayi a Tadala anali atazolowera kulamula okha. Ankadziwa mtengo wa feteleza, ankakambirana ndi a malole a kachewere popanda kuyang'ana kwa ine, ndipo masiku oyamba ndinkachita kufunsa kumene kumakhala khasu m'nyumba yanga yomwe. Sindinadandaule. Munda unali bwino kuposa mmene ndinkaulimira ine.

Patapita masiku anabwera a Kampira, amene munda wawo umachita malire ndi wathu, kudzandilonjera bwinobwino. Tinakhala pakhonde. Anati amva kuti ku Kenya ndinkagwira ntchito ndi madokotala, ndiye amafuna andionetse phewa limene likuwavuta. Ndinaona kuti ndiwongole nkhani phewa lisanavulidwe. Ndinalowa m'nyumba, ndinavala magalasi anga owerengera, n'kutulutsa mapepala amene a Dokotala anandipatsa potsanzikana, osindikizidwa bwino, a zithunzi za dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe. Ndinawaonetsa kumapeto, pamene pali dzina langa m'timalemba tating'ono. Kenako ndinafotokoza zonse, osabisa ngakhale za chikwakwa.

A Kampira anagwira mapepala aja motalikitsa, anayang'anitsitsa chithunzi cha mbozi. Anafunsa ngati zimadyedwa ngati mphalabungu. Ndinati ayi. Anafunsa ngati gulugufeyo amagulitsidwa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati amapanga uchi, kapena mankhwala, kapena chilichonse. Ndinati amangokhala kuphiri kwawo, ndipo tsopano anthu akudziwa mmene amakhalira.

Anasisita phewa lija. Kenako anandibwezera mapepala ndi manja awiri, mwaulemu, n'kudzuka.

"Ndiye kuti zaka zonsezi, aneba, mumalandira malipiro kuti mbozi zisafe," anatero. "Chabwino. Mawa mulawirire kumunda kwanga. M'chimanga mwadzaza abale awo, ndipo amenewo sagona. Munthu wodziwa chosunga mbozi ndi moyo sangalephere kudziwa choipha. Mubwere ndi magalasi anuwo."